KOMPYUTA IKAYAMBA KUGWA ITALANDIRA KAMERA YATSOPANO

Nkhani ya lero ndi ya bvuto limene lipeza anthu ambiri m'matauni ndi m'makomboni a ku migodi, ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola, ku Luanshya, ngakhale mu Lusaka momwe. Munthu agula kamera yaing'ono yokhazika pamwamba pa kompyuta, imene a masitolo aicha webcam, kuti azionana ndi mkazi wace ndi ana amene ali ku Chipata kapena ku Katete, kapena kuti mwana wace aziphunzira kwa aphunzitsi a kutali, kapenanso kuti ayankhe mafunso a bwana amene afuna kumlemba nchito. Afika nayo kunyumba, alumikiza nthambo, nalowetsa pulogalamu imene inadza ndi kamerayo. Tsiku lomwelo, kapena m'mawa mwace, kompyuta imene inali kugwira bwino nchito iyamba kugwa. Galasi lace lisanduka la buluu, makina azima ndi kuyakanso okha, mwina angouma gwa, osamva batani liri lonse.

Pamenepo ambiri ataya mtima. Ena athamangira kwa wokonza makina, amene mwina afufuta zonse za m'kati kuti nchito imcepere, ndipo zithunzi za ukwati, makalata ofunsira nchito ndi mabuku a ndalama za kasitolo zipita pamodzi ndi bvutolo. Ena aponya kompyutayo pansi pa bedi nayamba kusunga ndalama zogulira ina. Koma nthawi zambiri makinawo sanafe ai. Colakwa ciri m'kanthu kakang'ono kamene kanalowa pamodzi ndi kamera, ndipo cimene cinalowa cingathe kutulutsidwanso. Mau akulu a nkhani ino ndi awa: cinthu cimene cinalowa potsiriza ndico ciyenera kufunsidwa poyamba, ndipo pocotsa zinthu munthu acotse cimodzi cimodzi.

DALAIVALA NDANI?

Kompyuta zambiri za m'nyumba ndi m'maofesi ziyendetsedwa ndi pulogalamu yaikulu yochedwa Windows, yopangidwa ndi kampani ya Microsoft. Windows siingathe kulankhula yokha ndi cipangizo ciri conse cimene munthu alumikiza. Pakati pa iyo ndi kamera payenera kukhala womasulira, ndiye kapulogalamu kakang'ono kamene akatswiri akacha dalaivala. Dalaivala amva mau a Windows nawapereka kwa kamera, ndipo alandira zithunzi kwa kamera nazipereka kwa Windows. Pali dalaivala wa kamera, wa makina osindikizira, wa mau, ndi wa galasi loonetsa zithunzi.

Anthu a ku migodi angathe kumva msanga cifukwa cimene womasulira wamng'ono cotere agwetsera kompyuta yonse. Pa mgodi pali maofesi, sitolo ndi nyumba zosinthiramo zobvala. Kalaliki akalakwitsa m'ofesi imodzi, ofesi imeneyo yokha ndiyo isokonezeka, koma mgodi upitirira ndi nchito. Mapulogalamu wamba, monga yolembera makalata kapena yoimbirana ndi abale, ali ngati maofesi amenewa: imodzi ikalakwa itsekeka yokha, zinzace zikhala ziri kuyenda. Koma pa mgodi palinso nyumba ya injini yokoka cikepe, mosalowa munthu wamba. M'kompyuta malo otere achedwa kernel, ndiwo mtima wa Windows, ndipo madalaivala ambiri aloledwa kugwira nchito m'kati mwenimwenimo.

Woyendetsa injini ya cikepe akamva belu losamveka bwino, sayerekeza ai. Asiya cikepe ciri ciimire, pakuti adziwa kuti m'menemo muli miyoyo ya anthu. Windows icita cimodzimodzi. Dalaivala akakhudza malo a memori amene si ace, kapena akapereka lamulo losamveka, Windows idziimitsa yokha mwadala, kuopa kuti ikapitirira ingalembe zinyalala pamwamba pa mafailo a mwini wace. Galasi la buluu lija siliri cizindikiro ca imfa, koma ca cikepe coimitsidwa. A Microsoft eni ace analemba kuti mwa kugwa 100 kwa mtundu umenewu, ngati 70 kucokera kwa madalaivala olembedwa ndi makampani ena, ngati 10 kucokera ku zitsulo za makina zoonongeka, ngati 5 kucokera kwa Microsoft, ndipo 15 kotsalako sikudziwika gwero lace. Cotero woyamba kumganizira ndi dalaivala watsopano.

KODI PULOGALAMU YA M'BOKOSI IFUNIKADI?

Makamera amenewa si a kale kwambiri. Yoyamba inaikidwa m'caka ca 1991 pa sukulu yaikulu ya Cambridge ku England, kumene Quentin Stafford-Fraser ndi Paul Jardetzky analoza kamera pa mphika wa khofi, kuti anzao aziona pa magalasi ao ngati khofi alimo asanayende ulendo wa cabe. Mu 1993 cithunzi ca mphikawo cinaikidwa pa intaneti. Mu 1994 kampani ya Connectix ku America inayamba kugulitsa kamera yochedwa QuickCam kwa anthu wamba. M'zaka zimenezo wopanga kamera ali yense anali ndi cilankhulo ca iye yekha, ndipo kamera iri yonse inali kudza ndi mbale yokhala ndi dalaivala wacewace. Popanda mbaleyo kamera inali cabe cidole.

Zinthu zinasintha mu 2003, pamene makampani anapangana lamulo limodzi la makamera olumikiza pa USB, lochedwa USB Video Class, mwacidule UVC. Kuyambira 2004, pamene Windows XP inalandira cokonzera cochedwa Service Pack 2, Windows yakhala ndi dalaivala wacewace womva makamera onse otsata lamulo limeneli. Tanthauzo lace ndi lakuti makamera ambiri a masiku ano angolumikizidwa ndi kuyamba nchito, osafuna mbale kapena pulogalamu iri yonse. Pulogalamu ya m'bokosi ingoonjezera zokometsera, monga kusintha mtundu wa cithunzi, kukulitsa nkhope, kapena kubisa cipinda ca kumbuyo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zokometsera zimenezi mwina zidza ndi dalaivala wina amene akankha wa Windows pa mpando. Ndipo mbale imene inakhala m'sitolo zaka zambiri ingakhale ndi dalaivala wolembedwera Windows XP kapena Windows 7, amene sadziwa makhalidwe a Windows 10 kapena Windows 11.

KUGWA KULI MITUNDU INAI

Sing'anga wabwino ayamba wafunsa pamene papweteka asanapereke mankhwala. Mwini kompyuta nayenso ayenera kuona kuti makina ace agwa motani, pakuti mau akuti yagwa aphimba matenda osiyana.

Mtundu woyamba ndi pamene pulogalamu imodzi yokha itsekeka, monga Zoom kapena WhatsApp, koma zina zonse ziri kuyenda. Limeneli ndi bvuto la m'ofesi imodzi, ndipo ndi laling'ono. Mtundu waciwiri ndi pamene cithunzi ciuma, mau aduka, ndipo kompyuta siimva kanthu kufikira munthu aizima. Wacitatu ndi galasi la buluu lokhala ndi mau a Cingerezi, kenaka makina ayambanso okha. Kuyambira 2025 galasi limeneli lioneka lakuda pa Windows 11 yatsopano, koma tanthauzo lace ndi lomwelo. Wacinai ndi pamene kompyuta ingozima phi, yosanena mau ali onse.

Mtundu waciwiri ndi wacitatu ndiyo iloza kawirikawiri kwa dalaivala. Wacinai uloza ku magetsi kapena ku kutentha. Kuonetsa kanema wa nkhope ndi nchito yolemetsa, ndipo kompyuta yodzala pfumbi, m'mwezi wa October, yoikidwa pa bulangete pamene potulukira mphepo patsekeka, idzizima yokha kuti isapse. Palinso cina. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku m'Zambia. Magetsi akazima pulogalamu iri pakati pa kulowa, isiyidwa ya theka, ndipo dalaivala wa theka aposa kuipa dalaivala wakale.

ZOYAMBA KUCITA

Coyamba, munthu azule nthambo ya kamera, nayatse kompyuta popanda iyo. Ikayenda bwino tsiku lonse, ndiye kuti mlandu uli pa kamera kapena pa dalaivala wace. Ikagwabe, kamera siinapulumuke pa mlandu ai, pakuti mapulogalamu ena a kamera auka pamodzi ndi Windows ngakhale kamera palibe.

Caciwiri, pa nthawi imene makina ali kuyenda, akope mafailo ace onse ofunika ndi kuwaika pa fulashi kapena pa disiki ina. Nchito imeneyi icitike asanayambe kukonza kanthu kali konse. Munthu amene zithunzi ndi makalata ace ali pa malo awiri akonza makina ndi mtima wokhazikika, ndipo palibe wokonza amene angamuopseze.

Cacitatu, galasi la buluu likaoneka, alembe mau ace pa pepala kapena awajambule ndi foni. Pansi pa galasilo pali mau akuti Stop code, otsatidwa ndi dzina la colakwa, monga DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL kapena SYSTEM_THREAD_EXCEPTION_NOT_HANDLED. Safunika kumva tanthauzo la mau onsewa. Nthawi zina palinso mzere wakuti What failed, wochula dzina la failo lothera ndi zilembo .sys, ndipo limeneli ndi dzina la dalaivala amene anapezeka pamalo pa ngozi. Ngati galasi linapita msanga asanawerenge, umboni sunatayike. Akalemba mau akuti reliability m'bokosi lofufuzira la Windows, nasankha View reliability history, aona kalendala woonetsa tsiku limene pulogalamu iri yonse inalowa ndi tsiku limene kompyuta inagwa, lolembedwa ndi cizindikiro cofiira. Zizindikiro zofiira zikayambira pa tsiku limene pulogalamu ya kamera inalowa, mboni yalankhula.

KULOWA PA KHOMO LA SAFE MODE

Pali kompyuta zina zimene zigwa msanga cotero kuti munthu sapeza mpata wa kucotsa kanthu. Cifukwa ca zimenezi Windows iri ndi njira yochedwa Safe Mode. Ikauka mwa njira imeneyi itenga madalaivala owerengeka okha amene singayende popanda iwo, ndipo alendo onse atsala panja. Cithunzi cingaoneke cosakongola, koma cimeneco si colakwa.

Pa Windows 7 ndi zakale munthu anali kukanikiza batani la F8 makina ali kuuka. Pa Windows 10 ndi Windows 11 njira ndi yina. Agwire batani la Shift osalitaya, nasankhe Restart. Pa galasi lotsatira asankhe Troubleshoot, kenaka Advanced options, kenaka Startup Settings, ndiponso Restart. Makina akaonetsa mndandanda, akanikize nambala 4. Ngati kompyuta siifika n'komwe pamene pali batani la Restart, Windows ikalephera kuuka kawiri kapena katatu motsatizana itsegula yokha galasi lokonzera limene lija.

Pano pali cenjezo. Kompyuta zina zatsopano ziri ndi loko wa disiki wochedwa BitLocker, ndipo pa khomo limeneli zingafunse kiyi wa manambala 48. Kiyiyo kawirikawiri asungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wace, ndipo angathe kumuona pa foni. Kuli bwino kumlemba pa pepala bvuto lisanadze. Kompyuta ikakhala tsiku lonse mu Safe Mode yosagwa, ndi cizindikiro cabwino cakuti zitsulo zace ziri zamoyo, ndipo wolakwa ndi mmodzi wa alendo otsala panja.

KUTULUTSA MLENDO

Pulogalamu ya kamera ndi dalaivala wace ndi zinthu ziwiri, ndipo kucotsa cimodzi sikucotsa cinzace nthawi zonse. Pulogalamu icotsedwa mu Settings, pa mbali ya Apps, posankha dzina lace ndi mau akuti Uninstall. Mapulogalamu ena akana kucotsedwa mu Safe Mode. Zikatero munthu ayambe ndi dalaivala, ndipo pulogalamuyo adzaicotsa makina atauka mwa nthawi zonse.

Madalaivala onse alembedwa m'buku lochedwa Device Manager, limene litseguka podina batani la Start ndi mbali ya kumanja ya mausi. Kamera ipezeka pansi pa mutu wakuti Cameras kapena Imaging devices. Ngati nthambo yazulidwa dzina lace libisika, koma lioneka posankha View ndi Show hidden devices. Pa dzina la kamera asankhe Uninstall device. Kabokosi kakaoneka kofunsa ngati dalaivala nayenso acotsedwe, aike cizindikiro m'menemo, pakuti akapanda kutero Windows idzabwezera dalaivala yemweyo pamene kamera ilumikizidwanso. Makamera ambiri ali ndi maikolofoni m'kati, cotero ayang'anenso pansi pa mutu wakuti Sound, video and game controllers, ndi kucotsa dzina la kamera ngati liripo.

Ngati kamera inali kugwira bwino kale, ndipo bvuto linadza ndi dalaivala watsopano, pali njira yaifupi. Pa dzina la kamera asankhe Properties, kenaka Driver, kenaka Roll Back Driver. Batani limeneli, limene linayamba ndi Windows XP mu 2001, libwezera dalaivala wakale pa mpando wace. Likaoneka lozilala, ndiye kuti palibe wakale wosungidwa.

Njira yina ndi System Restore, imene ibwezera Windows monga inaliri pa tsiku lina la m'mbuyo. Siikhudza zithunzi kapena makalata a munthu, koma icotsa mapulogalamu ndi madalaivala amene analowa pambuyo pa tsikulo. Igwira nchito pokhapo ngati inali yotsegula kale ndipo inasunga tsiku lina kamera isanafike. Siyenera kusokonezedwa ndi Reset this PC, imene icotsa mapulogalamu onse a munthu, ndipo akasankha molakwa icotsa ndi mafailo omwe.

KUYESA CIMODZI CIMODZI

Mlendo atatuluka, kompyuta iyatsidwenso popanda kamera, ndipo igwire nchito maora angapo. Ikakhala bwino, kamera ilumikizidwe yokha, popanda mbale ndi popanda pulogalamu. Windows idzaipatsa dalaivala wacewace, amene kawirikawiri aoneka ndi dzina lakuti USB Video Device. Pamenepo munthu atsegule pulogalamu yaing'ono ya Windows yochedwa Camera, naone ngati nkhope yace ioneka. Ikaoneka, ayese kuimbira mbale wace. Kwa anthu ambiri nkhani ithera pomwepa, ndipo kamera igwira nchito zaka zambiri yopanda zokometsera zija.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wothamanga asintha zinthu zisanu nthawi imodzi: acotsa pulogalamu, asintha nthambo, alowetsa dalaivala wina, nazima coteteza ca mavairasi. Makina akacira sadziwa cimene cawaciritsa, ndipo akaipiratu sadziwa cimene cawapha. Wanzeru asintha cinthu cimodzi, ayesa, nalemba pa pepala cimene caoneka.

NGATI IGWABE

Bvuto likapitirira, pali malo ena anai oyang'ana. Oyamba ndi kabowo ka USB. Kabowo ka USB 2.0 kanapangidwa kupereka mphamvu yofika mamiliampu 500, ndipo ka USB 3.0, kamene kawirikawiri kali ka buluu m'kati, kapereka 900. Kamera ikagawana kabowo kamodzi ndi disiki, foni ndi kafani, pa kabokosi koonjezera mabowo kopanda magetsi akeake, mphamvu icepa ndipo kamera izima ndi kuyaka. Kamera ilumikizidwe pa thupi la kompyuta penipeni, ndipo pa kompyuta ya pa tebulo mabowo a kumbuyo ndiwo okhulupirika.

Aciwiri ndi dalaivala wa galasi. Kanema wa kamera apita m'manja mwace, ndipo ngati ali wakale angagwe ndi katundu watsopanoyu. Dzina la failo pa galasi la buluu likakhala la Intel, la AMD kapena la Nvidia, kamera yangoulula matenda amene analipo kale, ndipo mankhwala ndi kutenga dalaivala watsopano wa galasi kwa wopanga kompyutayo.

Acitatu ndi mapulogalamu olimbirana kamera imodzi. Ena apanga kamera yonyengezera, imene itenga cithunzi, icikometsa, nicipereka kwa anzace. Ena ndi oteteza ku mavairasi, amene alondera kamera kuti akuba asazonde nayo. Onsewa akagwira kamera nthawi imodzi, cithunzi ciuma. Atsekedwe onse, natsegulidwe mmodzi mmodzi. Ndipo ngati kamera ionetsa mdima cabe koma kompyuta siigwa, munthu aone mu Settings, pa mbali ya Privacy ndi Camera, ngati pulogalamuyo yaloledwa, aonenso ngati kacitseko ka pa diso la kamera katseguka.

Acinai ndi zitsulo za makina. Ngati kompyuta igwa ngakhale mu Safe Mode, kapena dzina la colakwa lisintha tsiku ndi tsiku, memori ingakhale yoonongeka. Windows iri ndi coyesera cace cochedwa Windows Memory Diagnostic. Cikapeza colakwa, kusintha kacitsulo ka memori ndi kochipa kuposa kugula kompyuta yina.

AKULU NAWONSO ALAKWA

Mwini kompyuta asadziyese wopusa zimenezi zikamgwera, pakuti makampani akulu nawonso apunthwa pa mwala womwewu. Mu August 2016 Microsoft inatulutsa cokonzera ca Windows 10 cochedwa Anniversary Update. M'menemo anasintha njira imene zithunzi za kamera ziyendera, kuti mapulogalamu angapo azigawana kamera imodzi. Posintha anasiya kunja njira ziwiri zopanikizira kanema, MJPEG ndi H.264, zimene makamera ambiri anali kugwiritsa nchito. Makamera abwinobwino, monga Logitech C920, anayamba kuuma pakati pa kulankhulana pa Skype. Anthu amene anataya makamera ao anataya ndalama cabe, pakuti mu September caka comweco cokonzera cina cinatuluka.

Pa 19 July 2024 kunacitika cacikulu koposa. Kampani yoteteza makompyuta yochedwa CrowdStrike inatumiza kafailo kolakwika kamene dalaivala wao anali kuwerenga m'kati mwa kernel. Monga a Microsoft anawerengera, makina ngati 8.5 miliyoni anaonetsa galasi la buluu, ndipo ndege zambiri zinalephera kuuluka, mabanki ndi zipatala zinasokonezeka m'maiko ambiri. Imeneyi sinali nkhani ya kamera, koma matenda anali omwewa, ndipo mankhwala anali omwewa: kulowa mu Safe Mode ndi kucotsa kafailo kamodzi. Makinawo sanafunike kutayidwa. Phunziro ndi lakuti pofunsa cimene cinalowa potsiriza, munthu akumbukenso zokonzera zimene zilowa zokha usiku. Mndandanda wa izo uli mu Settings, pa Windows Update, pamene palembedwa Update history.

POPITA KWA WOKONZA

Safunsa anadya phula. Ngati zonsezi zalephera, kupita kwa wokonza si manyazi. Koma munthu apite ndi pepala lace, pamene analemba tsiku limene kamera inafika, dzina la pulogalamu, mau a pa galasi la buluu, ndi zimene anayesa kale. Amuuzenso kuti m'cikwatu ca C:\Windows\Minidump mungakhale timafailo timene Windows ilemba pa kugwa kuli konse, timene wodziwa nchito angathe kutiwerenga ndi kupeza dzina la dalaivala wolakwa. Asanacoke apangane naye momveka kuti disiki isafufutidwe popanda cilolezo ca mwini wace. Wokonza amene anena za kufomata asanafunse funso liri lonse afanana ndi munthu wotentha nkhokwe kuti aphe khoswe.

Pali zinanso zitatu zoyenera kukumbuka. Dalaivala atengedwe kwa Windows Update kapena kwa wopanga kamera mwini, osati pa masamba osadziwika a pa intaneti olonjeza kukonza madalaivala onse ndi batani limodzi, pakuti ambiri a iwo abweretsa mavairasi. Kompyuta ya kampani kapena ya ofesi ya mgodi si ya munthu wogwira nayo nchito, ndipo iye asalowetsemo pulogalamu iri yonse, koma auze a ofesi yoyang'anira makompyuta. Ndipo amene ali ndi Windows 10 adziwe kuti Microsoft inaleka kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, cotero pogula kamera yatsopano ayambe wawerenga pa bokosi ngati igwirizana ndi Windows imene ali nayo.

Munthu amene asunga mafailo ace pa malo awiri, amene ayesa kamera yokha asanatsegule mbale ya m'bokosi, ndiponso amene afunsa poyamba cinthu cimene cinalowa potsiriza, sadzataya malipiro a mwezi wathunthu cifukwa ca galasi la buluu. Adzazula nthambo, adzalemba mau, adzatulutsa mlendo, ndipo madzulo omwewo ana a kumudzi adzaona nkhope ya atate wao.

Nkhani ya lero yathera pomwepa.